Nambala imodzi ingasinthe bilu ya woyezetsa khansa ya m'matumbo ku America

M'dziko la United States, munthu amene wapita kuchipatala kukaunikidwa ngati ali ndi khansa ya m'matumbo aakulu angathe kubwerako osalipira kalikonse kapena kutumiziridwa bilu yaikulu, malinga ndi manambala amene kalaliki wa chipatalacho walemba pa kalata yoitanitsira ndalama ku inshuwalansi.

Kuunikaku, komwe madokotala amakutchula kuti colonoscopy, kumachitika polowetsa m'matumbo kachubu kokhala ndi kamera kudzera kotulukira chimbudzi. Dokotala akapeza tizotupa tomwe tingadzasanduke khansa, amatichotsa nthawi yomweyo.

Lamulo la Affordable Care Act la chaka cha 2010 limakakamiza makampani ambiri a inshuwalansi kulipira ndalama zonse pa ntchito zopewera matenda zimene bungwe la US Preventive Services Task Force lavomereza. Mu 2021 bungweli linatsitsa zaka zoyambira kuunikaku kuchoka pa 50 kufika pa 45. Komabe mwayiwu sukhudza munthu amene wapita ali kale ndi zizindikiro monga magazi m'chimbudzi, popeza kwa iyeyo dokotala akufufuza matenda amene ayamba kale.

Kusiyanaku kumaonekera m'manambala a mitundu iwiri. Mtundu woyamba umanena chifukwa chimene munthu wapitira kuchipatala, ndipo umachokera mu ndondomeko ya ICD-10-CM yomwe dzikolo linayamba kugwiritsa ntchito pa 1 October 2015. Wongoyezetsa wopanda zizindikiro amamulembera Z12.11.

Mtundu wachiwiri umanena ntchito imene dokotala wagwira. Mu ndondomeko ya CPT ya bungwe la American Medical Association, 45378 ndi kuunika kokha, pamene 45385 ndi kuchotsa chotupa pochikola ndi kawaya. Inshuwalansi ya boma ya Medicare, yomwe imathandiza makamaka anthu a zaka 65 kapena kuposerapo, ili ndi manambala akeake: G0121 kwa munthu wamba ndi G0105 kwa amene ali pachiopsezo chachikulu.

Chisokonezo chimabwera dokotala akachotsa chotupa. Apa nambala ya ntchito imasintha, ndipo kalaliki amayenera kuwonjezerapo chizindikiro chosonyeza kuti munthuyo anabwerera kudzayezetsa basi: 33 ku makampani omwe si aboma, kapena PT ku Medicare. Chizindikirochi chikasowa, kompyuta ya inshuwalansi ingatenge ntchitoyo ngati chithandizo cha wodwala, ndipo gawo la bilu limagwera mwini wake.

Mu 2013 boma linauza makampaniwo kuti kuchotsa chotupa ndi mbali ya kuunikako, choncho asalipiritse munthu. Ku Medicare lamulo likuchotsa malipirowa pang'onopang'ono: 15 peresenti kuyambira 2023 mpaka 2026, 10 peresenti kuyambira 2027 mpaka 2029, ndipo kuyambira 2030 munthu sadzalipiranso kanthu. Mu 2023 Medicare inayambanso kuwerengera m'gulu la kupewa matenda kuunika kochitika pambuyo poti zotsatira za kuyeza chimbudzi zaonetsa chokayikitsa.

Pachifukwa ichi, amene walandira bilu yomwe samaiyembekezera angathe kupempha chipatala kuti chimuonetse manambala amene chinalemba ndi kuwafananiza ndi lipoti la dokotala. Ngati pali cholakwika, chipatala chimatumizanso kalata yokonzedwa, ndipo kampani ikakanabe kulipira, lamulo limam'patsa ufulu wochita apilo.