Kubzala Mitengo M'botolo

Lero tikambe za mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Mtengo umenewu sumera wokha kwina kuli konse pa dziko lapansi, ndipo m'chaka cha 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Koma macheka ndi moto wolusa zautha. Pamene akatswiri anawerenga m'chaka cha 2017, anapeza mitengo yaikulu 7 yokha pa phiri lonse.

Tsono mtengo ukasowa chotere, mbeu zake zimasowanso. Apa ndi pamene anthu a sayansi amayesa njira yina yochulukitsira mitengo. Amadula kansonga kakang'ono ka nthambi, nakatsuka ndi mankhwala opha tizirombo. Kenaka amakaika m'botolo loyera, pa chakudya chonga phala lozizira, m'mene muli shuga ndi mchere wa mitundu-mitundu. Chakudya chimene ambiri amachigwiritsa nchito anachikonza Murashige ndi Skoog m'chaka cha 1962. Akathiramo mankhwala amodzi, kansongako kamaphuka mphukira zambiri. Akazigawa ndi kuthira mankhwala ena, mphukirazo zimatulutsa mizu. Pomaliza amazizoloweza mphepo ndi dzuwa pang'ono-pang'ono mu nazale.

Ena a inu munalandira kale mbande za nthochi zopangidwa m'njira yomweyi pothawa matenda a chisaka. Koma mitengo ndi yovuta kuposa nthochi. Ina, monga msuku, imatulutsa utomoni umene umadetsa chakudya ndi kupha kansongako, ndipo nsonga za mtengo wokalamba sizifulumira kumera mizu.

Mvetsani ichi. Mbande zonse zochokera ku mtengo umodzi zimafanana ndi mayi wao. Nthenda imene ingaphe mmodzi ingaphe zonse. Chifukwa chake pafunika mitengo yambiri yotengako nsonga ndi mbeu, ndipo mitengo imeneyo siili m'botolo ai, ili m'nkhalango ndi m'manda a m'midzi mwanu.

Inu mafumu, uzani anthu anu kuti alambule njira zotchinga moto udzu usanaume. Wina akamacheka mitengo yoletsedwa, kanenani kwa a Zankhalango. Mlombwa, mbawa kapena msuku wobala bwino umene uli m'munda mwanu, usiyeni uime. Tsalani bwino.