Mayi "wongokhala pakhomo" ndi uti?

Mayi akalowa m'chipinda changa sanena kuti ali ndi nkhawa. Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, tulo sakupeza. Tikayeza malungo palibe, BP ili bwinobwino. Ntchito yanga imayambira pamenepo. Ambiri kuno kwa Santhe amaganiza kuti ife a zaumoyo wa m'maganizo timaona amisala okha n'kuwatumiza ku Zomba. Koma tsiku langa limathera kumvetsera amayi otopa.

Amandifunsa kawirikawiri kuti amene ali pamtendere ndi uti, mayi wapantchito kapena wongokhala pakhomo. Mawu oti "wongokhala" amandiwawa. Pitani pachigafa mu Febuluwale. Mayi wadzuka kusanache, watunga madzi, wathyola fodya mame ali mbuu, tsopano akusoka masamba, zala zili bii ndi utomoni, mwana ali kumsana. Mabelo akagulitsidwa ku Chinkhoma, ndalama zimalowa ku akaunti ya bambo, iye n'kumapempha ya sopo. Mayi wotere chimamudwalitsa si ntchito yokha, koma kukhetsa thukuta popanda chonena pa phindu lake, komanso kusowa womuuza zakukhosi.

Mayi wapantchito ali ndi zake. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka tchuthi chauchembere cha masabata 8 okha. Amabwerera kuntchito mawere akutuluka mkaka, mtima uli kwa khanda, madzulo mphika ukumudikira.

Bungwe la WHO limati m'mayiko osauka pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu amadwala maganizo akangobereka. Si ulesi, si kulodzedwa. Tili ndi mafunso 10 otchedwa Edinburgh Postnatal Depression Scale, omwe anamasuliridwa m'Chichewa. Ndimafunsa modekha ngati akuthabe kuseka, ngati amalira payekha, ngati anaganizapo zodzivulaza. Funso lomalizali silimuika munthu maganizo oipa, ambiri amapuma mozama kuti wina wafunsa.

Mankhwala alipo, koma ambiri amathandizika pokambirana. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo kuchita zimenezi atakhala pabenchi. Pokambiranapo timasankha vuto limodzi, osati onse, n'kuona chotheka sabata ino. Nthawi zina ndimaitanitsa bambo, ndi kuwapempha kuti tsiku losankha magiredi a fodya atenge mwana kwa maola awiri, mayi agone.