DZIMBIRI SILIBISIKA NDI UTOTO

M'midzi yathu ya kwa Mfumu Yaikulu Malenga Chanzi mukadali magalimoto akale owerengeka amene eni ake amawasunga monga chuma cha banja. Pakhomo panga pali imodzi, Peugeot 404 ya bokosi kumbuyo, imene malemu atate anga anandisiyira. Galimoto za mtundu umenewu zinayamba kupangidwa ku France m'chaka cha 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuzilumikiza kufikira 1991. Zinatchuka pamene zinapambana mpikisano wa East African Safari m'zaka za 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Yathuyi sinapambanepo mpikisano, koma yanyamula mpunga wochokera kudimba, amayi apakati opita kuchipatala usiku, ndi mabokosi a Akhristu anzathu opita kumanda. Ikafa, sindine ndekha amene ndidzalira.

Mdani wa galimoto yotere kuno kunyanja si msewu ayi, koma dzimbiri. Ena amati madzi a m'nyanja ndiwo amadya chitsulo monga achitira ku Beira. Si choncho, pakuti nyanja yathu ilibe mchere wotero. Dzimbiri limabadwa pamene chitsulo chakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya. Kuno mvula imagwa yambiri, chinyontho sichichoka msanga, ndipo matope amene amakakamira kunsi kwa galimoto amasunga madzi masabata ambiri. Tikawonjeza mchere ndi feteleza wotayikira m'bokosi, chitsulo chimadyeka mofulumira. Ngakhale Land Rover yakale, imene thupi lake ndi la aluminiyamu, siipulumuka, chifukwa chesisi yake ndi yachitsulo.

Ndiulule kulakwa kwanga kuti ena aphunzirepo. Ulendo woyamba ndinaona matuza pa utoto wa kuzitseko, ndipo ndinathamangira kwa mmisiri wina amene anandilonjeza ntchito ya masiku anayi pa mtengo wotsika. Anamata phala pamabowo, napopera utoto wonyezimira. Galimoto inabwera yokongola ngati mkwatibwi. Mvula ziwiri zisanathe matuza anabwerera, ndipo tsiku lina phazi la mwana wanga linaboola pansi pa galimoto tili pa ulendo. Akuluakulu ananena zoona kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ndalama ija inali ya malata a khitchini. Mayi a kunyumba anangoti, "Abambo, ulendo wina tidzayambe takhala pansi." Tinakhaladi pansi ndi kope ndi pensulo, ndipo zimene tinaphunzira ndi izi.

Choyamba, dziwani kukula kwa nthenda musanafunse mtengo wa mankhwala. Tsukani galimoto kunsi komwe, chotsani mipando ndi zoyala pansi, ndipo yang'anani m'munsi mwa zitseko, mozungulira magalasi, pamwamba pa matayala, pansi pa batire ndi pa chesisi. Gogodani ndi sikuludiraiva. Pamene palowa, pafunika kudula. Yendetsaninso maginito pathupi lonse. Pamene sakugwira bwino pali phala lochindikala limene wina anabisira bowo. Lembani malo onsewa m'kope.

Chachiwiri, gawani ntchito motsata kufunika kwake. Poyamba pakhale zosunga moyo: chesisi, pomangirira masipuling'i, mapaipi a mabuleki ndi pansi popondapo. Kenaka kudula chitsulo chowola ndi kuwotchererapo chatsopano. Pambuyo pake kupala ndi sandipepala kufikira chitsulo chiwale, ndi kupaka pulaima tsiku lomwelo, pakuti chitsulo chosavala chimayamba dzimbiri usiku umodzi wokha. Utoto wa mtundu ndiwo womalizira. Ndalama zikathera panjira, galimoto ya pulaima yokhayokha ingachititse manyazi pamsika, koma ndi yolimba. Yonyezimira pamwamba pa zowola ingathe kupha munthu.

Chachitatu, funsani amisiri atatu, ndipo aliyense alembe papepala mtengo wa zipangizo padera ndi wa manja ake padera. Pazipangizo musaiwale zing'onozing'ono zimene zimadya ndalama mwakachetechete: gasi ndi waya wowotcherera, thinala, sandipepala, tepi, ndi mphira za magalasi, zimene kawirikawiri zimang'ambika pozichotsa ndipo za galimoto zakale sizipezeka msanga. Lembaninso ulendo wa ku Salima kapena ku Lilongwe kokagula zinthuzi. Pitani mukaone galimoto imene mmisiriyo anakonza zaka ziwiri zapitazo, osati ya dzulo. Mulipireni m'zigawo, gawo lililonse mutaona ntchito ndi maso anu, makamaka asanamate phala. Ndipo inunso musamchedwetsere malipiro ake, pakuti nayenso ali ndi ana.

Chachinayi, pamwamba pa zonse zimene mwawerengera wonjezani gawo limodzi mwa magawo anayi. Dzimbiri looneka ndi laling'ono kuposa lobisika, ndipo mmisiri akayamba kudula adzakuitanani kuti mudzaone zina. Mitengonso siikhazikika. M'mwezi wa November 2023 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wochokera kunja anakwera nthawi yomweyo. Nchifukwa chake nkwanzeru kugula msanga zosawonongeka monga chitsulo ndi sandipepala, koma utoto ndi mankhwala ake oumitsira mugule ntchito itayandikira. Ngati mufuna kusintha mtundu wa galimoto, yambani mwafunsa ku ofesi ya Road Traffic, chifukwa mtundu wake unalembedwa m'mapepala a boma.

Chachisanu, sankhani nyengo. Utoto sugwira bwino pa chinyontho, choncho ntchito ichitike mvula itatha. Pamenepo nponso banja limakhala litagulitsa mpunga. Koma samalani ndi mwera wa mu June ndi July, umene umaulutsa mchenga. Popopera pakhale potchinga, ndipo powotcherera pafupi ndi thanki ya petulo, thankiyo ichotsedwe.

Koma funso lalikulu silili kugalaja ayi, lili pamphasa ya m'nyumba. Pa Luka 14 Ambuye anaphunzitsa za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wawerengera mtengo wake. Ife tinagwirizana kuti chopereka cha ku Mpingo, chimanga, fizi ya ana ndi feteleza zisakhudzidwe, ndi kuti sitidzapita kwa akatapila chifukwa cha utoto. Ndalama ya galimoto inachokera ku matumba a mpunga amene tinapatula chaka ndi chaka, ndiponso kwa abale amene imawathandiza, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ntchito inatenga zaka ziwiri: chaka choyamba kuwotcherera, chachiwiri utoto. Tinagwirizananso kuti chesisi ikapezeka yowola kotheratu tidzaigulitsa, ngakhale inali ya atate. Kukumbukira makolo sikutanthauza kusaukitsa ana.

Tsopano tinaimangira chisakasa. Tikabwera kumatope timaitsuka kunsi, timatsegula timabowo totulutsa madzi ta pansi pa zitseko, ndipo feteleza timayamba tamuyalira pepala la pulasitiki. Ntchito imeneyi ndinaipereka kwa mwana uja amene phazi lake linaboola pansi. Iye saiwala.