ALENDO AMENE ANAKHAZIKIKA M'MIPHIKA YA KU CHONGWE

CHONGWE – Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa Great East Road, akafika pa boma la Chongwe m'mamawa, coyamba kumlonjera ndi fungo la vitumbuwa. Nthawi imeneyo amai amakhala atakoleza kale mbaula, mafuta alikuwira m'ciwaya, ndipo pambali pali dengu la masikono ndi masamusa kuyembekezera ana a sukulu ndi apaulendo opita ku Chipata. Wina atawafunsa kumene zakudyazi zinacokera, angayankhe kuti anaphunzira kwa amai ao, ndipo amai aowo anaphunzira kwa ambuye. Yankho limenelo n'loona ndithu, koma ulendo wa zakudyazi unayambira kutali kopambana pamenepo.

Dzina lakuti vitumbuwa n'limodzi ndi la Ciswahili, cinenero ca amalonda a ku gombe la nyanja yamcere amene anali kulowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1800 kufuna minyanga ya njovu ndi akapolo. Ku Zanzibar ndi ku Mombasa amaviphika ndi ufa wa mpunga ndi madzi a kokonati, m'ciwaya ca maenjemaenje. Ku Chongwe kokonati kulibe, motero amai amatenga ufa wa tirigu, shuga, kamcere pang'ono ndi isiti, nakanda ndi madzi ofunda, nabvundikira ndi nsalu padzuwa kufikira utafufuma. Cinsinsi cili pa moto. Mafuta akakhala osatentha bwino, citumbuwa cimamwa mafuta ambiri ndipo phindu la wogulitsa limathera m'ciwaya momwemo. Akatentha koposa, cimapserera kunja m'kati muli mwauwisi. Amai a kumidzi amene tirigu wawakulira mtengo amasinja nthoci zakupsa pamodzi ndi ufa wa cimanga, ndipo ana sadandaula.

Samusa inabwera ndi Amwenye a ku Gujarat, amene anayamba kutsegula masitolo ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Komabe nayonso ku India inali mlendo, pakuti kwao kweni-kweni ndi ku Persia ndi maiko oyandikana nako. Masikono ndi a ku Britain, ndipo anafika ndi amishoni ndi atsamunda. Azungu anali kuwaphika mu uvuni, koma mai wa ku Chongwe amaika timapani mumphika waukulu, makala pansi ndi ena pa cibvundikiro, ndipo amatuluka ofiira bwino lomwe.

Zonsezi n'zosabvuta kuzikhulupirira, pakuti maina ake omwe amamveka acilendo. Cimene nchembere zambiri zingakane ndi cakuti nsima ya cimanga nayonso ndi mlendo.

Cimanga cinayamba kulimidwa kum'mwera kwa dziko la Mexico zaka pafupi-fupi 9,000 zapitazo, ndipo mu Africa munalibe ngakhale njere imodzi kufikira Columbus ataoloka nyanja ya Atlantic mu 1492. Apwitikizi ndiwo anacibweretsa ku magombe a Africa, ndipo cinalowa m'kati mwa dziko potsata njira za malonda monga ya mtsinje wa Zambezi, umene unali ndi malo ao a malonda ku Tete ndi ku Zumbo, pamathiriro a Luangwa. Mtsinje wa Chongwe nawonso umathira mu Zambezi yemweyo, cotero dziko la Asoli silinali kutali ndi njirayo. Ngakhale zinali tero, kwa nthawi yaitali cimanga cinali cakudya capambali, cokazinga kapena cootca ciri caciwisi. Nsima ya makolo inali ya mapira ndi mawere, mbeu zobadwira mu Africa muno.

Zinthu zinasintha pamene migodi ya ku Copperbelt inatseguka m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, pakuti anchito zikwi-zikwi anali kulandira ufa wa cimanga monga phoso lao. Mu 1960 ku Southern Rhodesia kunatuluka mbeu yobereka kwambiri yochedwa SR52, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linalimbikitsa cimanga ndi fetereza wotsika mtengo ndiponso misika ya Namboard, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1969. M'mibadwo iwiri kapena itatu cabe mlendoyo analanda nyumba, kotero kuti lero munthu akadya mpunga kapena mbatata mpaka kukhuta amanenabe kuti wagona ndi njala.

Ndiwo nazo zili ndi mbiri yofanana. Mphika wa cibwabwa cotendera, umene aliyense angalumbire kuti ndi wa makolo, uli wodzala ndi alendo okha-okha: maungu, nshawa, matimati ndi tsabola zonse zinacokera ku America. Koma kaphikidwe kake n'ka kuno. Palibe anacokera kutsidya la nyanja kudzaphunzitsa amai kusadzula cibwabwa, kusinja nshawa mumtondo ndi kusefa, kuthira cidulo kapena soda kuti masamba afewe, ndi kuika nsinjiro pamwamba osabvundula kufikira itapsa ndi nthunzi. Amene amabvundula msanga amadziwa yekha fungo la nsinjiro yopserera pansi pa mphika. Cikanda naco ncimodzi-modzi: timizu take n'ta m'madambo a kuno, koma popanda nshawa ndi tsabola sicingaumbike ndi kukoma monga anthu acidziwira. Repu ndi kabici anadza ndi Azungu. Ngakhale kapenta wa ku Siavonga amene amagulitsidwa pa msika ndi wosamuka, cifukwa anamtenga m'nyanja ya Tanganyika ndi kumthira m'nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968.

Kulandira mlendo si colakwa, ndipo nshawa zokha zalera ana osawerengeka. Bvuto lili pa kuiwala eni mudzi. Cimanga cimafuna mvula yokwanira, makamaka pa nthawi yomasula ngaiyaye, pamene mapira ndi mawere amapirira dzuwa kwa masabata angapo. Cimeneci cinaoneka poyera mu 2024. Pa 29 February caka cimeneco, Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse, ndipo anati mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupi-fupi 1 miliyoni anaonongeka. Cigawo ca Lusaka, m'mene muli Chongwe, cinali pakati pa zigawo zokanthidwa. Nkhokwe zambiri zinakhala zopanda kanthu, ndipo ufa unakwera mtengo.

Caka ndi caka, mvula isanagwe, Asoli amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi, kumene Mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II amapempha mvula ndi kubzala mbeu zoyamba. Pa mbeu zimene banja lingasunge kuyembekezera nyengo imeneyo, kathumba ka mapira sikangalemere munthu. Alimi amadandaula kuti mbalame zimawatha, ndipo dandaulo limenelo n'lomveka, pakuti ana amene kale anali kuingitsa mbalame tsopano ali kusukulu. Mabanja angapo akabzala moyandikana ndi pa nthawi imodzi, mbalamezo zimagawikana ndipo munda umodzi sumathedwa wokha.

Cotsalira ndi ca m'khicini. Ana amene anakulira ufa woyera amaikana nsima ya mapira poona kufiira kwake. Amai ozolowera amayamba ndi kusakaniza mbale imodzi ya ufa wa mapira ndi mbale ziwiri za ufa wa cimanga, nalola phala kuwira nthawi yotalikirapo asanayambe kuthira ufa wina ndi kutakasa ndi mthiko. Ikapsa bwino imayenerana kwambiri ndi therere kapena ndiwo zotendera, ndipo pakapita masabata angapo muyeso wa mapira ungaonjezedwe.