Nkhaka za viniga zophika mu uvuni m'malo mokazinga

Kumwera kwa dziko la America, anthu amakonda nkhaka zosungidwa mu viniga ndi mcere, zimene amazikazinga m'mafuta ambiri. Cakudyaci cinachuka mu 1963 m'tauni ya Atkins, ku Arkansas. Pofuna kucepetsa mafuta, ena amaziphika mu uvuni.

Coyamba, nkhakazo zimadulidwa tizidutswa topyapyala ndi kupukutidwa ndi nsalu, cifukwa zikakhala zonyowa siziuma bwino pophika. Kenako zimaviikidwa mu fulawa, m'dzira lomenya, ndi m'nyenyeswa za buledi. Zikapakidwa mafuta pang'ono, zimaikidwa mu uvuni wotentha madigiri 220 kwa mphindi pafupifupi 20, ndipo zimatembenuzidwa kamodzi.

Komabe, kuphika kotereku sikucotsa mcere. Motero odwala matenda othamanga magazi ayenera kudya zocepa cabe.