MIZERE YA MVULA PA PEPALA LIMODZI

Mai aliyense amene amapita ndi mwana ku sikelo amaidziwa khadi ya mizere. Anamwino amaikapo kadontho mwezi ndi mwezi, ndipo mzera wa mwana ukaleka kukwera pamodzi ndi mizere yosindikizidwa pa khadiyo, mai amadziwa kuti mwana sakukula bwino. Cithunzi cotere cimachedwa girafu, ndipo mvula nayonso ili ndi girafu yace.

Pa malo opimira nyengo monga Msekera ku Chipata, Lundazi ndi Petauke, anchito a Boma amalemba tsiku ndi tsiku mamilimita a mvula imene yagwa. Pojambula girafu, mvula ya tsiku lililonse imaonjezedwa pa ya masiku apitawo, kuyambira mu Okutobala kufikira mu Epulo. Mvula ikagwa mzera ukwera, ikadula mzera ugona. Koma mzera umodzi pa wokha sungatiuze ngati caka cili bwino kapena ai. Uyenera kuikidwa pambali pa mizere ya zaka zina.

Kujambula mizere ya zaka 30 ndi dzanja ndi nchito yolemetsa. Masiku ano akatswiri amagwiritsa nchito kompyuta, ambiri m'cinenero ca Python ndi cida cojambulira ca Matplotlib, cimene anaciyamba John Hunter mu 2003. Iwo samalemba malamulo 30, koma lamulo limodzi lobwereza, lochedwa loop. Lifanana ndi mau amene kholo liuza mwana m'munda kamodzi kokha: bzala pa mzera uwu, ukatha pita pa wotsatira, kufikira munda wonse utatha. Momwemonso kompyuta itenga manambala a caka coyamba, ijambula mzera wace, iupatsa mtundu ndi dzina, kenaka itenga caka cotsatira.

Pali cenjezo. Pepala liyenera kuyalidwa kamodzi lamulo lobwerezalo lisanayambe. Likaikidwa m'kati mwace, padzatuluka mapepala 30, lililonse ndi mzera umodzi. Ndiponso mzera wopanda dzina suthandiza munthu.

Phindu lace tingalione pa cilala ca 2023/2024. M'madera ambiri mvula inadula mu Januwale ndi Febuluwale, pamene cimanga cinali kufuna madzi koposa. Pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa Dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka: maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala a cimanga pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka. Pa girafu ya dera lotere, mzera wa nyengoyo ugona pamene anzace akukwera, cinthu cimene ciwerengero ca mvula ya caka conse cingabise.

Girafu sinenera za mawa, koma ionetsa kuti mvula ya kwanu imayamba liti ndipo imakonda kudula liti. Alimi, funsani alangizi anu za mizere imeneyi musanasankhe mbeu yoca msanga kapena yocedwa kuca.