Kuvomera cholakwa ndiko kumalimbitsa mapulogalamu a pakompyuta

Mwezi uliwonse chipatala cha Bembeke, monga zipatala zina m'boma lathu la Dedza, chimatumiza malipoti ku ofesi ya zaumoyo: ana amene alandira katemera, amayi amene achira, ndi anthu amene apezeka ndi malungo. Ziwerengerozi zimasungidwa mu DHIS2, pulogalamu imene Unduna wa Zaumoyo unayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 2012.

DHIS2 imayang'aniridwa ndi akatswiri a ku University of Oslo m'dziko la Norway, ndipo ndi ya mtundu wa open source. Izi zikutanthauza kuti kalembedwe kake konse kali poyera: aliyense wodziwa ntchitoyi angathe kukawerenga, kuloza polakwika ndi kupereka maganizo a kakonzedwe. Mapulogalamu otere amakula chifukwa eni ake amalola kudzudzulidwa.

Chitsanzo chodziwika ndi cha OpenSSL, pulogalamu ina yotere imene imateteza zinsinsi za anthu pa intaneti. Mu Epulo 2014 munapezeka vuto lotchedwa Heartbleed, limene linakhala zaka ziwiri osaoneka, ndipo likanalola akuba kuwerenga mapasiwedi a anthu. Robin Seggelmann, amene analemba gawo lolakwikalo, anavomera poyera kuti anaiwala kuika chitetezo pamalo amodzi. Amene anaunika ntchito yakeyo nayenso sanaone. Tsiku limene vutoli linalengezedwa, chokonzera chake chinatulutsidwanso. Pambuyo pake makampani monga Google ndi Microsoft anasonkha ndalama zothandizira mapulogalamu ofunika otere, atazindikira kuti OpenSSL inkasamalidwa ndi anthu ochepa kwambiri.

Phunziro limeneli likutikhudza kuno kwathu. Pulogalamu singadziwe yokha kuti kalaliki walemba 15 m'malo mwa 51. Wolembayo akabisa poopa kukalipiridwa, mapulani a katemera amapangidwa pa chiwerengero chabodza, ndipo wovutika ndi mwana wa kumudzi kwa Kamenyagwaza. Akanena msanga, nambala imakonzedwa vuto lisanakule. Chimodzimodzi mlangizi wa zaumoyo akaona kuti fomu ikusokoneza, dandaulo lake ndi limene lingathandize kuti ikonzedwe.

Motero tikupempha akuluakulu a nthambi zonse kuti wovomera kulakwitsa azimulandira bwino, osati kumuchititsa manyazi pamsonkhano. Nawonso makomiti a zipatala ndi a chitukuko m'midzi azinena pamene malipoti sakugwirizana ndi zimene akuona. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.